Makutu Awiri Pamwamba pa Tsala

Sindikumbukira chaka chimene ndinasiya kuphunzitsa n'kuyamba kuyenda. Ndimangokumbukira kuti ndinali m'chipinda chozizira cha mumzinda waukulu, chipewa chili m'manja, ndipo patsogolo panga panaima mayi amene kale ndinamuphunzitsa masamu pa sukulu ya mishoni. Tsopano anali Mayi Kamtambe, katswiri wa zanyengo. Anadikira kuti ndikhale pansi asanakhale iwo, monga ndinkaphunzitsira ana onse, ndipo mtima wanga unakondwa.

"Aphunzitsi," anatero, "kumwambaku kuli setilaiti imene siijambula zithunzi. Ntchito yake ndi kumvetsera. Nthaka iliyonse imatulutsa timafunde tosamveka ndi khutu la munthu, timene timatcha maikulowevu. Nthaka youma imalankhula mokweza, yonyowa imanong'ona, ndipo mawu akewo amadutsa ngakhale m'mitambo. Setilaiti ikakalamba, ina imalowa m'malo mwake. Zimene zakhala zikumva zaka zonsezi ndizo zimatiuza ngati dziko lathu likuuma kapena ayi."

"Nanga ine ndikulowapo bwanji?"

"Yakale ikufa. Yatsopano yakwera kale, koma makutu awo ndi osiyana. Isanafe yakaleyo, ziwirizi ziyenera kumvetsera nthaka imodzi, kuyambira chilimwe mpaka mvula yoyamba itagwa n'kuuma, ndipo pansi payenera kukhala munthu woyeza chinyezi chenicheni. Tikalephera, mbiri idzaduka pakati. Sitidzadziwanso ngati nthaka ndiyo yasintha kapena khutu ndilo lasintha."

Anandipatsa chitsulo cha mano atatu chonga foloko, cholumikizidwa ku kabokosi kotumiza manambala kwa iwo. Anandipatsanso zikhomo, chingwe ndi foni. Lamulo linali limodzi: ndipeze malo amene munthu sawakhudza, osalimidwa, osathiriridwa, osasesedwa. Ndinaganiza kuti m'dziko limene ndinkalidzudzula kawirikawiri chifukwa cha ulesi, malo otere ndiwapeza dzuwa lisanalowe.

Mudzi woyamba unali pa dothi lofiira, ndipo unali ndi tchalitchi chopanda chitseko. Kuseri kwa tchalitchicho kunali bwalo lopanda mwini. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, ndinazika foloko pakati, kenaka ndinasonkhanitsa anthu ndi kuwauza kuti malo amenewa asakhudzidwe, chifukwa m'mawa uliwonse pamadutsa chinthu chomvetsera nthaka.

Mayi wina wamtali dzina lake Nangondo, mtsogoleri wa amayi a mpingo, anafunsa kuti, "Kodi chimationa?"

"Sichiona, mayi. Chimamva."

"Chimachokera kutali?"

"Kutali kwambiri."

"Ndiye ndi mlendo," anatero, ndipo amayi anzake anagwedeza mitu.

Ndinakhala kumeneko masiku amene sindinawawerenge. M'mawa uliwonse, ndikatha kupemphera ndi kumeta ndevu, ndinkapeza bwalo langa lili lakuda pang'ono ndi lozizira, pamene mudzi wonse unali fumbi. Ndinkati ndi mame. Kenaka foni inalira.

"Aphunzitsi, foloko yanu ikuti kwanyowa. Setilaiti zonse ziwiri zikuti kwauma kolapitsa. Kuno anzanga ayamba kunena kuti tikonze setilaitizo kuti zigwirizane ndi inu, popeza inu ndi amene muli pansi."

Tsiku lotsatira sindinamete ndevu. Ndinapeza amayi ali m'kati mwa chingwe, ena ndi matsache, ena ndi zidebe, akuwaza madzi ndi manja monga amachitira pa bwalo la ukwati. Foloko yanga anali ataipukuta, ndipo pambali pake anaika duwa m'botolo.

"Ndani wakulolani kuwoloka chingwe?"

Nangondo anagwada mwaulemu, chidebe chili pambali. "Aphunzitsi, kodi kwanu mlendo mumamulandira pa fumbi?"

"Ulemu wanu ukumunamiza mlendoyo. Mukumuuza kuti kuno kuli chinyezi, pamene zitsime zanu zikuphwa."

"Mavuto a m'nyumba sauzidwa mlendo pakhomo."

"Uyu wabwerera mavuto omwewo."

"Ndiye mukuti tikhale auve kuti tikhale oona?"

Ine amene ndinakwapula ana ambiri chifukwa chosasesa, ndi ena ambiri chifukwa chonama, ndinaima pamenepo osadziwa kuti ndikweze mawu pa tchimo liti. Moyo wanga wonse ndinkakhulupirira kuti ukhondo ndi choonadi zimagona nyumba imodzi. Ndinazula foloko. Anandiperekeza mpaka pa mlatho, atandinyamulira chikwama, ndipo anandipepesa chifukwa chakuti madzi anali ochepa.

Ndinayenda. Misewu inali yofanana, ndipo nthawi zina ndinkaona ngati ndikulowa m'mudzi umene ndangotulukamo, koma tchalitchi chili mbali ina ya msewu. Ndinafika pa tauni yaing'ono ya sitolo zopenyana, kumene aliyense ankayenda foni ili kukhutu. Kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu imene denga lake linagwa, kunali malo a minga amene ngakhale mbuzi zinkawalambalala. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, ndinazika foloko. Anthu sanasonkhane. Anabwera munthu mmodzi yekha, a Gwedeza, wometa tsitsi amene ankatchajanso mafoni a anthu, lumo lili m'manja.

"Madala, chinthu chanucho chimationa?"

"Sichiona. Chimamva."

"Ayi ndiye chamva zambiri. Pano timatukwanatu."

"Chimamva nthaka, osati pakamwa panu. Ndipo ine si madala. Ndine mphunzitsi."

"Pepani, Aphunzitsi madala."

Palibe amene anawoloka chingwe changa kumeneko. Palibe amene anasesa kapena kuwaza madzi, chifukwa palibe amene anasamala. Ndinayamba kuganiza, ngakhale mochita manyazi, kuti mwina choonadi chimakhala bwino pakati pa anthu amwano. Koma foni inaliranso, ndipo mawu a Mayi Kamtambe anamveka otopa kuposa kale.

"Foloko yanu ili bwino. Koma setilaiti zikafika pamenepo zikumva phokoso lokhalokha. Pafupi nanu pali chotumizira mauthenga champhamvu, ndipo mafunde ake akusefukira m'njira imene ife timamvetseramo. Zili ngati kumvetsera mwana wodwala akupuma pamene wina akuimba ng'oma pakhomo."

Ndinakweza maso ndi kuona nsanja yachitsulo pamwamba pa phiri, imene ndinali ndisanaione chifikire. Ndinapita kwa a Gwedeza kukafunsa mwini wake.

"Mukufuna aizime?" Anaseka mpaka munthu amene ankamumeta anatembenuka mutu utametedwa theka. "Mwamva, achimwene? Akuti tonse tikhale chete kuti dothi linong'one! Aphunzitsi, pano ngakhale mkazi wanga sandimva ine, nanga dothi?"

"Mtundu umene sutha kukhala chete sudzamva chenjezo," ndinatero.

"Zoona zimenezo. Koma mayi anga akadwala kumudzi, amene amandiuza ndi nsanja ija, osati dothi."

Anandimeta ulere ndisananyamuke, akuti mphunzitsi asamaoneke ngati wothawa kwawo.

Kenaka kunali chigwa chachikulu cha udzu waufupi, kopanda nyumba ndi nsanja. Kumeneko ndinaphunzira kuti setilaiti yakale inayamba kuchedwa. Yatsopano inkadutsa m'mawa, pa nthawi yake. Yakale inkabwera dzuwa litakwera, ndipo nyengo iliyonse inkachedwerako. Mayi Kamtambe anati njira yake yapendekeka ndi ukalamba.

Zinandiwawa, chifukwa ndinkaikonda setilaiti imeneyo. Anali atandiuza kuti nthawi iliyonse ikamvetsera dziko, imatembenukira ku mlengalenga kozizira kopanda kanthu, kenaka ku kambale kofunda kamene kali m'mimba mwake, kuti idziyese ngati ikumvabe bwino. Ndinkaona kuti chinthu chodziyesa chokha kosalekeza chili ndi khalidwe loposa la akhristu ambiri amene ndinawadziwa. Koma tsopano chinkachedwa, ndipo ine sindinakhululukirepo wochedwa.

"Kuchedwako tikhoza kukuwerengera ndi masamu," anatero Mayi Kamtambe, "ngati nthaka ikhala chimodzimodzi pakati pa ziwirizo."

Koma pakati pa ziwirizo pankadutsa ng'ombe popita kumadzi. Zinkaponda chingwe, kufukula dothi ndi kusiya ndowe pa foloko. Yatsopano inkamva nthaka ina, yakale ina. Mwini ng'ombezo, bambo wachikulire wa chipewa chamlaza, anandimvetsera mpaka ndinamaliza kudandaula za kuchedwa, kenaka anayang'ana mapazi anga.

"Nanunso, Aphunzitsi, simuyenda monga munkayendera kale. Ng'ombe zanga zinakupitirirani pa chitunda paja."

Tsiku lomwelo Mayi Kamtambe anandiuza kuti khutu la yakale layamba kutsekeka, ndipo siidzapyola mvula imene ikubwerayo. Malo otsatira ndiwo anali omaliza.

Ndinawapeza kumapeto kwa njira imene inkangochepa mpaka inasanduka kanjira ka mapazi. Linali tsala, munda umene unasiyidwa zaka zingapo, wa udzu wouma ndi tizitsamba, wofanana ndi thengo lonse louzungulira. Kunalibe ng'ombe, kunalibe nsanja. Mwini wake anali Nasibeko, mayi wa msinkhu wanga, wa manja okhakhala, amene ankakhala ndi zidzukulu ziwiri zazing'ono. Munda wake wakumunsi unali utakokoloka ndi mtsinje, ndipo chaka chimenecho ankafuna kutsegula tsalalo. Mbewu ya chimanga anali ataipachika kale kudenga.

Ndinamufotokozera zonse, za makutu awiri ndi za mbiri imene ikhoza kuduka. Sanafunse ngati chinthucho chimaona.

"Mukufuna mbali iti?" anafunsa.

"Lonse, mayi. Mukalima mbali imodzi, madzi adzayenda mosiyana pa mbali inayo."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mvula yoyamba igwe n'kuuma."

"Aphunzitsi, mvula yoyamba ndiyo yodzalira."

"Idzabwera ina. Mvula siibwera imodzi."

Ndinanena zimenezi ndi mtima wonse, chifukwa kumene ndinakulira zinkatero. Ndinamuuzanso kuti zimene ziti zimveke pa tsala lake zidzathandiza zidzukulu zake ndi zidzukulu za anthu amene sadzawaona. Anati sadziwa za anthu amenewo, koma munthu wovala tayi pa dzuwa lotere sangayende mtunda wonsewo chifukwa cha masewera. Analonjeza. Ndinamuuza kuti abwereze lonjezolo momveka, ndipo anabwereza.

Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, ndinazika foloko. Anthu oyandikana naye anasosa minda yawo ndi kupanga mizere. Nasibeko ankakhala pa chitsa kunja kwa chingwe, akusenda nandolo kapena kuluka tsitsi la mdzukulu, ndipo sanaponde m'kati ngakhale kamodzi. Mbuzi ya mnansi itayandikira, anaithamangitsa yekha. Foni inkalira ndi mawu abwino. Foloko ndi setilaiti zonse ziwiri zinkanena chimodzi: kwauma.

Mvula inagwa masana ena, yamphamvu, ya fungo lija limene limadzutsa ngakhale odwala. Itakata, minda yonse inadzaza anthu owerama. Ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali Nasibeko, khasu lili paphewa, mbewu ili m'kansalu m'chiuno. Anaima zala za kumapazi zikukhudza chingwe.

"Zamva, Aphunzitsi? Yagwatu."

"Zamva kugwa kwake. Ziyenera kumvanso kuuma kwake. Pamenepo ndi pamene makutu awiriwa amasiyana kwambiri."

"Kuuma kwake ndiye njala yanga."

"Munalonjeza, mayi."

"Ndinalonjeza dothi lili louma. Taligwireni tsopano." Anawerama, natapa dothi la kunja kwa chingwe, nalifinya m'dzanja mpaka linagwirana, nanditambasulira. Sindinalilandire.

"Lonjezo limene limasungidwa pokhapokha pamene sililemera si lonjezo," ndinatero. Mawuwo ndinawanenapo kambirimbiri kwa ana, ndipo anatuluka okha, osalala. "Mukalowa lero, zonse zimene mwapirira zipita pachabe, ndipo yakaleyo siidzapezanso mvula ina."

"Ndi m'bale wanu kodi, chitsulo chimenecho?"

"Ndi mboni, mayi. Mboni ikamwalira isanasiye mawu, mlandu umasokonekera."

"Ine mlandu ndilibe. Ndili ndi ana awa."

Ndinali wokonzeka kuima patsogolo pake ngati atakweza phazi, ngakhale sindikudziwa chimene ndikanachita pambuyo pake. Koma sanakweze. Anatsitsa khasu, naliimika pa chitsa.

"Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane wobatiza uja," anatero, nakhala pansi.

Tinakhala choncho masiku otsatira, iye pa chitsa, ine chiimire, tikuyang'ana nthaka ikusintha mtundu. Inachoka pa kuda, inafika pa kufiira, kenaka inayera ndi kuyamba ming'alu yaing'ono. M'minda ya anansi chimanga chinatuluka ngati singano zobiriwira. Kumwamba kunayera mbee. Nthawi zina ndinkamva ngati ndikuzimva ziwirizo zikudutsa, yatsopano mofulumira, yakale mokoka mwendo, koma mwina kunali kulira kwa m'makutu mwanga. Nasibeko ankandibweretsera madzi akumwa monga kale, atagwada, ndipo zimenezo zinkandivuta kuposa akanandinyoza.

Foni inalira m'mawa wina wotentha. Mayi Kamtambe ankalankhula mofulumira ngati mtsikana amene wakhoza mayeso.

"Aphunzitsi, zatheka! Yakale yatseka mawu dzulo, koma inali itamva zonse, kunyowa ndi kuuma komwe. Talumikiza ziwirizo. Mbiri siinaduke. Tsopano tikhoza kuiwerenga kuyambira pachiyambi mpaka lero ngati chingwe chimodzi."

"Ikunena chiyani?"

"Za dera limene muliko? Ikunena momveka. Silinali vuto la khutu ayi, nthaka ndiyo yasintha. Mvula ikumayamba mochedwa ndi kutha msanga, ndipo ikagwa yoyamba pamakhala kanthawi kotalika isanabwere ina. Amene sadzala ndi yoyamba, nyengo siimukwanira. Anthu a kumeneko ayenera kuuzidwa."

Ndinayang'ana pa chitsa. Nasibeko ankachotsa minga ku phazi la mdzukulu wake.

"Ina ibwera liti?" ndinafunsa.

"Setilaiti zimenezi sizilosera, Aphunzitsi. Zimangokumbukira. Zulani foloko mubwere, kuno tikukudikirani."

Ndinaika foni m'thumba la jekete. Ndinayesa kupeza pamene ndinalakwa, monga ndinkachitira pochonga masamu a ana, kutsata mzere ndi mzere mpaka ndipeze pamene nambala inasochera. Ntchito inali yoyenera. Lonjezo linali loyenera kusungidwa. Yankho linali loona, ndipo lidzapulumutsa minda yambiri. Mzere uliwonse unali wokhoza, koma pansi pake panali mayi amene sanadzale. Ndikanatha kungomuuza kuti ntchito yatha, n'kumuthokoza, n'kunyamuka. Koma sindinaphunzire kunena theka la choonadi, ndipo ndinali wamkulu kwambiri kuti ndiyambe tsiku limenelo.

Ndinavula chipewa ndi kumuuza zonse, mawu ndi mawu, monga ndinazimvera. Anamvetsera osandidula. Atamaliza kuchotsa minga, anamuuza mwanayo kuti apite akasewere.

"Ndiye kuti zamva bwino?"

"Zamva bwino, mayi."

"Ndipo zikuti ndikanadzala tsiku lija."

"Zikutero."

"Zikanati chiyani ndikanadzala?"

"Sizikanatha kunena kanthu."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe ndi kopanda mkwiyo, napukusa mutu. "Zinthu za ophunzira," anatero. Anaimirira, natenga khasu pa chitsa, nadumpha chingwe. Khasu litagunda pansi linalira ngati lagunda mwala, ndipo fumbi linakwera. Anatemanso pomwepo mpaka phando linatseguka. Kenaka anamasula kansalu ka m'chiuno nandipatsa.

"Ine nditema, inu muziponya ndi kukwirira. Ziwiriziwiri. Musawerame ngati muli pa guwa, pindani msana."

Ndinapinda msana. Dothi linali lotentha m'manja, lopanda chinyezi ngakhale pansi pa phando. Tinamaliza mzere woyamba, tinayamba wachiwiri. Thukuta linalowa m'kolala, ndipo kwa nthawi yoyamba pamaso pa munthu wamkazi ndinamasula tayi.

"Kodi zimera, mayi, m'dothi lotere?"

"Zikapeza mvula zisanapse, zimera. Zikapanda kupeza, mudzakhala pano mudzaone nafe."

Sindinadziwe ngati kumeneko kunali kundiitana kapena kundiweruza, ndipo mpaka lero sindidziwa. Foni inayamba kulira m'thumba la jekete. Ndinaongoka kuti ndiitulutse.

"Musayankhe muli ndi mbewu m'manja," anatero Nasibeko osatembenuka. "Mutaya."

Ndinaisiya ikulira, ndinaponya ziwiri m'phando, ndinakwirira ndi phazi.